Basil woyanika amaderanji? Zoyenera kudziwa poumitsa ndi posunga masamba onunkhirawa ku Mulanje ndi ku Thyolo

Basil wayamba kuoneka m'minda ya kuseri kwa nyumba kuno ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ena amamudzala m'zidebe zakutha pakhonde, ena m'dimba pambali pa tomato kuti azikagulitsa kumalo ogona alendo ndi kumalesitilanti. Kumera kwake sikuvuta. M'dzinja mapando asanu okha amatulutsa masamba oti banja silingamalize. Mutu umayamba kuwawa munthu akafuna kusunga otsalawo, ndipo madandaulo ake amafanana: masamba anathyoledwa ali obiriwira, akununkhira nyumba yonse, koma atayanikidwa ada bii, fungo lake ngati la udzu wofolera. Ena amatsekera m'botolo masamba ooneka ngati auma, pakapita masabata awiri n'kupeza achita chuku.

Ambiri amaloza chala mbewu, ena amati dzuwa linachepa. Kawirikawiri vuto silikhala pamenepo. Tinazolowera kusunga ndiwo zamasamba pozifutsa, ndipo manja amangotsata zimene anazolowera. Koma chimene timasungira nkhwani kapena khwanya n'chosiyana ndi chimene timasungira basil, choncho njira zakenso sizingafanane.

## Fungo limakhala pati?

Basil, amene akatswiri a zomera amamutcha Ocimum basilicum, ndi m'bale wake wa mpungabwi, chitsamba chija anthu amathamangitsira udzudzu m'nyumba. Mukawaika pamodzi muona kufanana: thunthu la ngodya zinayi, masamba otuluka awiriawiri moyang'anana, ndi maluwa osanjikizana kunsonga. Kwawo kwenikweni ndi kumadera otentha a ku Asia ndi Africa. Ku Italy samusiyanitsa ndi tomato, ndipo mzinda wa Genoa ndi umene unatchukitsa pesto, msuzi wobiriwira umene amaupanga posinja basil pamodzi ndi adyo, tchizi, mafuta a olivi ndi njere za mtengo wa paini. Ku Thailand ndi ku India ali ndi mitundu yawoyawo.

Basil sadyedwa modzaza mbale ngati ndiwo. Ntchito yake ndi kukometsa, ndipo kukomako kuli m'fungo. Fungolo limachokera m'mafuta ochepa kwambiri okhala m'timatumba ting'onoting'ono pakhungu la tsamba, tovuta kutiona ndi maso. N'chifukwa chake mukangokhudza chomeracho podutsa, dzanja limatsala likununkhira: mwaphulitsa timatumba tingapo. Mafutawa ndi osiyana ndi ophikira. Amauluka okha mumpweya, ndipo kukatentha amauluka msanga. Ena mwa amene amapanga fungolo ndi linalool, wonunkhira ngati maluwa, ndi eugenol, yemwenso amapezeka m'zokometsera zotchedwa cloves.

Pa magawo 100 alionse a tsamba laliwisi, oposa 90 ndi madzi. Kuti tsambalo lisungike osachita chuku, madziwo ayenera kutsika kufika pafupifupi magawo 10. Mpanipani uli apa: kutentha kumene kumachotsa madzi ndi komwenso kumathamangitsa mafuta. Woumitsa basil akufuna madzi atuluke msanga, mafuta atsale.

Tisanamizane, basil wouma safika pa wamuwisi ngakhale mutasamala chotani. Masamba olimba ngati a rosemary ndi thyme amauma osataya zambiri. La basil ndi lofewa, lamadzimadzi, ndipo fungo lina limapita ndithu. Funso ndi loti mutaya lochuluka bwanji.

## Kuda kwa masamba: funsani wa kufakitale ya tiyi

Anthu a kuno nkhani ya kuda kwa masamba siyenera kutivuta, chifukwa imachitika tsiku ndi tsiku m'mafakitale a tiyi amene atizungulirawa. Tsamba la tiyi limachoka m'munda lili lobiriwira. Likafika kufakitale amaliyala pamalo opita mphepo kuti lifote. Kenako limalowa m'makina olidula ndi kulitswanya, n'kulisiya pa mpweya kwa kanthawi. Pamenepo mtundu umasintha munthu akuona, kuchoka kobiriwira kufika kofiirira. Pomaliza amaliumitsa ndi mpweya wotentha kwambiri, n'kutuluka lakuda monga timaligulira m'golosale.

Chimene chimasintha mtunduwo ndi enzyme, kutanthauza kanthu kachilengedwe ka m'kati mwa chomera kamene kamafulumizitsa kusintha kwa zinthu zina. Iyi dzina lake ndi polyphenol oxidase. Tsamba likakhala lathunthu, enzyme imakhala m'tizipinda taketake, yosakumana ndi timadzi timene imagwirapo ntchito. Tsamba likaphwanyika, makoma a tizipindato amasweka, zonse zimasakanikirana, mpweya wa okosijeni n'kulowererapo, mtundu wakuda n'kubadwa. Nthochi yosenda ndi peyala lodula zimadanso m'njira yomweyi.

Kufakitale kuda kumeneku amachita kukufuna, mpaka kugula makina odula kuti tsamba liphwanyike mokwanira. Kwa basil n'zosemphana. Chilichonse chimene chikuphwanya tsamba lisanaume chikukupangirani tiyi amene simunamufune. Kuduladula ndi mpeni monga timachitira ndi mpiru, kufinya masamba powatsuka, kuwathithikiza m'jumbo pochokera kudimba, kuwaunjika mulu mpaka atenthe m'kati, zonsezi zimayambitsa ntchito ya enzyme ija masamba asanafike n'komwe pa lichero. Ndipo kufotetsa kwa nthawi yaitali kumaipatsa mpata wopitiriza. Tsamba limene latenga masiku khumi lili lonyowanyowa limada ngakhale silinakhudzidwe ndi mpeni.

Kuzizira nakonso kumamudetsa, chinthu chimene chimadabwitsa ambiri. Basil ndi chomera cha kotentha, ndipo kukazizira kuposa madigiri 10 tizipinda ta m'tsamba timawonongeka. M'firiji mumakhala pafupifupi madigiri 4, motero basil amene mwamuika pamodzi ndi kabichi amatuluka ndi mawanga akuda patangopita masiku ochepa. Ngati mukungofuna kuti afike Lamlungu, imikani nthambi zake m'kapu ya madzi patebulo, pamthunzi, n'kumasintha madziwo. Usiku wozizira wa mu Juni ndi Julayi m'mphepete mwa phiri umachitanso zomwezo kwa basil wa m'munda: amaima kukula, masamba n'kuyamba kuthimbirira.

## Nanga bwanji osangofutsa?

Mfutso ndi nzeru yakale ndipo ili ndi maziko. Kuwiritsa masamba kumapha enzyme ija, dzuwa limamaliza ntchito, chikwatu n'kusunga mpaka chilimwe. Pa nkhwani chimene tikufuna ndi ndiwo yoti tidzatendere ndi nsinjiro masamba akadzasowa, ndipo njirayi imatipatsa zimenezo. Koma ikani basil m'madzi owira kwa mphindi zingapo, mumva khitchini yonse ikununkhira. Fungo limene mukumvalo ndi mafuta aja akutsanzika. Chotsala m'poto ndi tsamba lopanda kanthu.

Pa nkhani ya dzuwa anthu amasiyana maganizo, ndipo mbali zonse zili ndi mfundo. Otsutsa kuyanika padzuwa amati masamba onunkhira amafuna kutentha kwa pakati pa madigiri 35 ndi 45, pamene thanthwe, simenti kapena lata masana a mu Okutobala zimatentha moti simungapondepo opanda nsapato. Kuwala kwa dzuwa kumafufutsanso mtundu wobiriwira. Oyanika padzuwa nawo amati pamthunzi masamba amachedwa kuuma, ndipo kuchedwako ndi kumene kumabweretsa chuku. Wonena zoyambazo akuganiza za mwezi wouma, wonena zachiwirizo akuganiza za Febuluwale. Choncho musanasankhe njira, yang'anani kaye kalendala.

## Chinyezi cha kuno

Malangizo ambiri a pa intaneti amati mangani basil m'timitolo, mupachike m'nyumba, mudikire sabata imodzi kapena awiri. Amene amalemba zimenezi ambiri amakhala kumalo a mpweya wouma. Kuno ndi kwina. Mulanje ndi Thyolo ali m'gulu la maboma olandira mvula yambiri m'Malawi, ndipo kumwera kwa phiri la Mulanje kuli madera amene mvula imaposa mamilimita 2,000 pachaka. Tiyi amakondwa nazo zimenezi, koma woyanika masamba ayi.

Mpweya uli ndi malire a madzi amene ungasenze. Ukakhala wouma umayamwa madzi a m'tsamba mwachangu. Ukakhala kuti wakhuta kale chinyezi, monga zimakhalira mvula ikamagwa tsiku ndi tsiku, umayamwa pang'ono kapena osayamwa n'komwe. Choipa kwambiri n'chakuti tsamba louma limabwezanso chinyezi kuchokera mumpweya. Masamba amene madzulo amathetheka, mukawasiya pakhonde usiku, m'mawa mumawapeza afewanso.

Ndiye taonani mmene chaka chimayendera. Kuyambira Disembala mpaka Malichi basil amakula mosangalala, koma ndi nthawi yomwenso kuumitsa kumavuta kwambiri. Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti mvula yaikulu imakhala itatha, koma kumabwera chiperoni, mphepo yozizira ya nkhungu ndi mvula yowaza yochokera chakum'mwera chakum'mawa, ku Mozambique, imene imatha kukhazikika masiku angapo dzuwa osaoneka. Mukathyola basil lero chiperoni n'kuyamba mawa, masamba a pamthunzi sapulumuka. Miyezi yabwino ndi Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe: mpweya ndi wotentha, wouma, ndipo pamthunzi pokha pamakwana. Amene ali ndi dimba lothirira angachite bwino kudzala kuzizira kukangotha, chifukwa basil amayamba kuthyoledwa pakatha masabata 6 mpaka 8, ndipo zokolola zimakumana ndi nyengo yoyanikira.

## Pothyola

Thyolani m'mawa mame atauma, dzuwa lisanakwere. Thyolani chomera chisanachite maluwa, chifukwa chikayamba maluwa chimaleka kutulutsa masamba atsopano, ndipo otsalawo amalimba n'kuyamba kuwawirako. Dulani nthambi pamwamba penipeni pa masamba awiri oyang'anana. Pamenepo padzaphuka nthambi ziwiri, chomera n'kuchita tsinde lodzaza. Musachimete chonse, kuchotsa gawo limodzi mwa atatu kumachisiya ndi mphamvu zophukiranso.

Tembenuzani masamba muone kunsi. Amene ali achikasu pamwamba, kunsi kwake kuli ngati fumbi lotuwa, ali ndi matenda okonda chinyezi ndipo sayenera kulowa m'gulu la oyanika. Ngati masamba ali ndi matope othovukira ndi mvula, atsukeni mwa kuwaviika m'beseni la madzi oyera n'kuwavuula, osafinya. Ayaleni pa nsalu yoyera mpaka madontho onse athe. Kuyanika masamba odontha madzi n'kudziwonjezera tsiku lathunthu.

## Kuumitsa kwenikweni

Kuno njira yodalirika ndi yothothola masamba pa nthambi n'kuwayala limodzilimodzi, osasanjikiza. Nthambi zimasunga madzi nthawi yaitali, ndipo pakati pa mtolo mphepo sifika. Lichero ndi labwino chifukwa mphepo imadutsa kunsi. Sefa yaikulu kapena nsalu yopyapyala yokokedwa pa felemu ya matabwa zimagwiranso ntchito. Chimodzi chokha: musayanikire pa neti ya udzudzu. Maneti amene amagawidwa aja ali ndi mankhwala ophera tizilombo, si oikapo chakudya.

Ikani licherolo pamalo ofunda, opita mphepo, osafika dzuwa mwachindunji. Malo amene ambiri sawaganizira ndi m'munsi mwa denga la malata, m'chipinda chopanda siling'i kapena pakhonde. Mukapachika lichero chapamwamba, masana lata limatenthetsa mpweya wa pamenepo koma kuwala kwa dzuwa sikugunda masamba. Tsegulani mawindo kuti mpweya wonyowa uzituluka. Tembenuzani masamba kamodzi patsiku ndi nsonga za zala. Dzuwa likamalowa, lowetsani lichero m'nyumba n'kuvundikira ndi nsalu youma. M'nyengo youma masamba amatha kuuma pakati pa masiku 3 ndi 7. Mukaona sabata yatha akadali ofewa, dziwani kuti mpweya wakukanikani, ndipo pakufunika kutentha kochita kuwonjezera.

M'khitchini yophikira nkhuni ndi mofunda, ndipo chikwatu chimakhala bwino mmenemo, koma basil amatenga utsi. Mudzakhala ndi masamba omveka nkhuni.

Nthawi ya dzinja kapena ya chiperoni, uvuni ndi umene umapulumutsa. Wamagetsi muuike pa moto wotsikitsitsa, chitseko chili chotsekula pang'ono kuti nthunzi izituluka, ndipo muzisuzumira pafupipafupi, pakuti mauvuni ambiri ngakhale pa moto wochepa amatentha kuposa mmene basil amafunira. Amene amaphika masikono mu uvuni wa njerwa angagwiritse ntchito kutentha kotsalira, moto utazima ndipo utsi utatha. Poyezera pake ndi dzanja: ngati mungathe kulisiya m'katimo osafuna kulichotsa, masamba angalowe. Ngati likuwotcha, dikirani. Microwave imaumitsa masamba odzaza dzanja m'mphindi imodzi kapena ziwiri, mukawaika pakati pa mapepala a m'khitchini n'kumayatsa pang'onopang'ono, ndipo mtundu umatsala wobiriwira chifukwa enzyme ija imafa isanagwire ntchito. Koma ndi ya masamba ochepa, ndipo mukangotembenuka apsa.

Palinso choumitsira cha dzuwa, bokosi limene dzuwa limatenthetsa mpweya mbali ina, mpweyawo n'kukwera kudutsa m'mathireyi amene ali mumdima. Kwa wofuna kugulitsa, ichi chimagwirizanitsa mbali ziwiri zija, liwiro la dzuwa ndi chitetezo cha mthunzi. Chofunika ndi kuti chikhale ndi potulukira mpweya pamwamba, apo ayi masamba amangophikika m'nthunzi yawo yomwe.

## Kudziwa kuti auma, ndi kusunga

Maso amanama, gwiritsani ntchito zala ndi makutu. Tengani tsamba lalikulu kwambiri mulipinde. Louma limathyoka n'kumveka kuti thethe, ndipo kamtsempha ka pakati nakonso kamathyoka. Likapindika ngati chikopa, kapena kamtsemphako kakangogonja, silinaume. Yesani masana, osati m'mawa.

Asiyeni azizire, kenako muwaike m'botolo lagalasi loyera, louma kwenikweni, la chotsekera cholimba. Mabotolo a jamu amakwana. Sabata yoyamba muziliyang'ana tsiku lililonse n'kuligwedeza. Mukaona thukuta m'kati mwa galasi kapena masamba akumatirirana, khuthulani muumitsenso nthawi yomweyo. Sabata imeneyi ndi imene ambiri amaidumpha, ndipo chuku chija chimachokera pamenepa. Botolo limene lachita kale chuku musasankhemo abwino, tayani onse.

Sungani masamba athunthu. Mukawasinja kukhala ufa mwaphulitsa timatumba tonse ta mafuta tsiku limodzi, ndipo fungo liyamba kutha kuchokera pomwepo. Muziwatikita m'manja nthawi yophika. Botolo likhale m'kabati mwamdima, kutali ndi mbaula. Ndi bwino kugawa m'timabotolo ting'onoting'ono, chifukwa nthawi iliyonse mukatsekula mumalowetsa mpweya wa kuno ndi chinyezi chake. Musakhuthulire pamwamba pa poto wotuluka nthunzi, ndipo supuni yonyowa isalowemo. Jumbo yopyapyala kapena envelopu sizitchinga chinyezi. Lembani tsiku pabotolo. Osungidwa bwino amakhala ndi fungo miyezi 6 mpaka chaka. Akapitirira apo sadwalitsa, amangosanduka zinyalala zobiriwira.

## Njira zina, ndi imodzi yoopsa

Kuika masamba m'firiji mbali yopangira ayezi mpaka agwire ayezi kumasunga fungo kuposa kuyanika. Viikani masamba m'madzi owira masekondi ochepa chabe, okwanira kupha enzyme, muwaponye m'madzi ozizira, muwapukute, kenako muwasinje ndi mafuta pang'ono n'kuthira m'timbale topangira ayezi. Kachidutswa kamodzi kamakwana poto wa msuzi. Vuto lake tonse tikulidziwa: magetsi akazima tsiku lonse zimasungunuka, ndipo zikasungunuka n'kugwiranso kangapo zimada ndi kuwonongeka. Mchere nawo umasunga. Mumayala mchere pansi pa botolo, masamba opukuta bwino pamwamba, mcherenso, mpaka lidzaze. Masambawo amada pang'ono koma mcherewo umatenga fungo, ndipo pophika musathirenso mchere wina.

Yoopsa ndi iyi: kumiza masamba aawisi m'botolo la mafuta ophikira n'kuliika pashelefu. Limaoneka lokongola, ndipo pa intaneti zithunzi zake zilipo zambiri. Koma m'dothi mumakhala bakiteriya wotchedwa Clostridium botulinum, amene njere zake zimatha kumamatira pa masamba ndi pa adyo. Amakula pamalo opanda mpweya, a chinyezi, osawawasa, ndipo tsamba laliwisi lomira m'mafuta ndi malo oterowo ndendende. Poizoni amene amatulutsa nthawi zambiri samveka fungo ndipo sasintha kakomedwe ka chakudya, koma amafooketsa minyewa mpaka munthu kulephera kupuma. Mafuta a masamba aawisi akhale m'firiji osapitirira masiku 4, apo ayi agwire ayezi. Lamulo lomweli likhudzanso pesto, kaya mwamupanga ndi mtedza kapena ndi makademiya wa ku Thyolo m'malo mwa njere za paini.

Ndipo pali njira imene sifuna botolo n'komwe. Kanthambi ka masentimita 10, kothothola masamba a m'munsi, kakaima m'kapu ya madzi pawindo kamatulutsa mizu pakatha sabata imodzi kapena awiri. Chomera chakale chikamakalamba, mumakhala muli kale ndi china. Kuno, kumene chisanu choumitsa mbewu sichifikafika m'midzi ya m'munsi mwa phiri, chidebe cha basil choikidwa pakhonde lotchingika chimatha kudutsa Juni ndi Julayi. Banja longofuna masamba ochepa a mumsuzi mwina silifunika kuyanika konse.

## Pophika ndi pogulitsa

Wouma ndi wamuwisi salowa m'poto nthawi imodzi. Wamuwisi amathiridwa pomaliza, poto atatsala pang'ono kuphulidwa, chifukwa moto umamulanda fungo. Wouma amafuna nthawi yoti anyowe n'kumasuka, choncho amalowa pamodzi ndi tomato ndi anyezi. Muyezo wake ndi umodzi pa itatu: supuni imodzi ya wouma m'malo mwa masupuni atatu a wamuwisi. Amayenda bwino ndi msuzi wa tomato, nyemba, mabiringanya, nkhuku ndi mazira.

Woganiza zogulitsa ayambe wawerengera. Kilogalamu imodzi ya masamba aawisi imatsala pafupifupi magalamu 100 ikauma. Choncho mtengo wa wouma uyenera kuposa wa wamuwisi kakhumi, musanawerengere botolo, makala kapena magetsi, ndi ntchito yothothola. Ngati muli ndi wogula wamuwisi ku Bvumbwe, ku Limbe kapena kumalo ogona alendo ku Likhubula, kugulitsa wamuwisi n'kumene kumalipira msanga, ndipo kuyanika kukhale kwa otsala. Wogula wouma amayang'ana zinthu ziwiri, mtundu ndi fungo potsekula, ndipo wakuda amabwezedwa ngakhale atakhala waukhondo. Ofuna kufika m'masitolo akuluakulu adziwenso kuti chakudya chopakidwa chimafunika chiphaso cha Malawi Bureau of Standards, choncho ndi bwino kukafunsa zofunika zawo musanasindikize malebo.